Mlandu wa Gwanda ndi lamulo la vakabu: lipoti kwa anzanga othandiza anthu m'zitokosi

Lipoti ili ndalembera anzanga amene timayenda m'mapolisi, m'makhoti a majisitireti ndi m'ndende kuthandiza anthu opanda loya. Nkhani yake ndi mlandu wa a Mayeso Gwanda, umene Khoti Lalikulu ku Blantyre linagamula pa 10 Januwale 2017. Ambiri mlanduwu amaudziwa ndi mawu awiri okha, akuti vakabu inatha. Mawuwa ali ndi choonadi pang'ono, koma amene wawameza onse akafika pa kauntala ya polisi n'kupeza anthu khumi agwidwa usiku, amasowa poyambira.

Zimene zinachitika

A Gwanda ndi venda. Mu Marichi 2015 anadzuka mbandakucha, kunja kudakali mdima, ulendo wa ku Limbe kukagulitsa majumbo. Apolisi anakumana nawo panjira n'kuwafunsa kumene akupita. Iwo anafotokoza, katundu wawo ali m'manja, koma apolisiwo anawagwirabe, n'kuwauza kuti akafotokoza bwino kupolisi. Anagona m'chitokosi masiku angapo, kenako anatengeredwa kukhoti la majisitireti kumene anawawerengera mlandu wa vakabu pansi pa gawo 184(1)(c) la malamulo a zilango. Anatuluka pa belo.

Mpaka apa palibe chachilendo. Aliyense wogwira ntchito yathuyi nkhani yotere anaimvapo, dzina lokha n'limene limasintha: mlonda wochokera kuntchito, mayi wopita kukapikula tomato, mnyamata wa kabaza, wodikira basi yoyamba pa depoti. Chachilendo n'chakuti a Gwanda sanavomere mlandu. Mothandizidwa ndi loya wawo, a Mandala Mambulasa, pamodzi ndi mabungwe omenyera maufulu a anthu a CHREAA (Centre for Human Rights Education, Advice and Assistance) ndi Southern Africa Litigation Centre, anapempha kuti mlandu wawo uyambe waima, khoti liyambe laona ngati gawo limene anawagwira nalo likugwirizana ndi malamulo aakulu a dziko. Mkulu wa oweruza milandu anavomereza kuti nkhaniyi ndi yokhudza malamulo aakulu, ndipo inalembedwa ngati mlandu nambala 5 wa 2015. Nkhani zoterezi oweruza amakhala atatu. Pa mlanduwu anali oweruza Michael Mtambo, Sylvester Kalembera ndi Zione Ntaba.

Lamulo lake linkati chiyani

Gawo 184(1)(c) linkanena kuti munthu aliyense wopezeka m'kati, pamwamba kapena pafupi ndi nyumba, pamsewu, pafupi ndi msewu, kapena pamalo alionse opezekapo anthu, pa nthawi ndiponso m'njira yochititsa kuganiza kuti ali pamenepo ndi cholinga choswa lamulo kapena chosokoneza, ameneyo ndi vakabu. Chilango chinali ndende mpaka miyezi 6 kwa wolakwa koyamba, miyezi 18 kwa wobwereza.

Taliwerengeninso pang'onopang'ono. Malo atchulidwawo ndi dziko lonse, pakuti ndani amene sali pafupi ndi nyumba kapena msewu? Nthawi sinatchulidwe. Chochita sichinatchulidwe. Munthu safunika kuthyola chitseko, kunyamula chitsulo kapena kuopseza wina. Mlandu wonse wagona pa zimene wapolisi waganiza atakuona. Milandu ina yambiri boma limayenera kusonyeza chimene munthu wachita ndi mtima umene anachitira. Uwu boma linkangosonyeza pamene munthu anaima ndi nthawi yake, zotsalazo woimbidwa mlandu adzichotse yekha.

Mawu amenewa sanabadwire kuno. Gwero lake ndi lamulo la ku England la 1824, limene linapangidwa nkhondo za Napoleon zitatha, pamene asilikali obwerako ndi anthu osowa ntchito anadzaza m'misewu ya m'mizinda. Atsamunda analilowetsa m'malamulo a zilango a Nyasaland amene anayamba kugwira ntchito mu 1930, ndipo mawu ofanana nawo mumawapeza m'maiko ena a mu Africa amene ankalamulidwa ndi Britain. Kwa atsamunda linali chida chabwino chosungira tauni kuti muziyenda okhawo amene ali ndi bwana. Tinalandira ufulu mu 1964 lamuloli lilipo, tinasintha n'kulowa m'ndale za zipani zambiri lilipobe, malamulo aakulu atsopano a 1994 anabwera n'kulipeza.

Makhoti sanali chete nthawi yonseyo. Khoti Lalikulu linanena kangapo kuti kungopezeka panjira usiku si mlandu. Mu 2008, pa mlandu wa amayi 13 amene anagwidwa m'nyumba zogona alendo, khotilo linafafaniza chigamulo cha majisitireti n'kunena kuti lamulo silingakhale ndi cholinga cholanga munthu chifukwa cha umphawi kapena kusowa pokhala. Koma zigamulo zimenezi zinkamasula anthu a pa mlanduwo okha. Gawolo linkatsala m'buku, ndipo Lachisanu lotsatira galimoto ya polisi inkadzazanso.

Chifukwa chake anthu ankavomera

Apa ndikhalitsapo, chifukwa amene sanamvetse mbali iyi sangamvetse kulemera kwa zimene a Gwanda anachita.

Mlandu wa vakabu sunkazengedwa kawirikawiri. Ukanati uzizengedwa, woimira boma akanavutika, pakuti umboni wa cholinga choipa aupeza kuti? Mlanduwu unkathera pa kuvomera. Munthu wagona pansi m'chitokosi masiku awiri kapena atatu, mwina osadya, malonda ake aima, ana kunyumba sakudziwa kumene ali. Wina amamunong'oneza, nthawi zina wapolisi, nthawi zina mnzake wa m'chitokosi momwemo amene anadutsamo kale, kuti ukavomera ulipira chindapusa chochepa n'kumapita lero lomwe, ukakana ukakhala pa limandi ku Chichiri kudikira tsiku la mlandu. Amene akudziwa mmene ndende zathu zilili sachedwa kusankha. Khoti Lalikulu lomwe, pa mlandu wa Masangano mu 2009, linanena kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu ndi nkhanza zosayenera munthu. Ndiye mukamuuza venda kuti akane mlandu kuti ateteze ufulu wake, mukumuuza kuti aike pachiswe mpamba wake wonse.

Tsiku la khoti anthu amaimikidwa pamzere. Mlandu umawerengedwa, womasulira amaufupikitsa, aliyense amati "ndikuvomera." Woimira boma amawerenga zochitika m'mizere itatu: anapezeka pamalo akuti, nthawi yakuti, analephera kufotokoza bwino. Majisitireti amene ali ndi mafayilo ambiri patebulo amalemba chindapusa. Gawo 251 la malamulo a kazengedwe ka milandu limati khoti lisalembe kuti munthu wavomera lisanatsimikize kuti akumvetsa mlanduwo, akumvetsa zotsatira zake, ndipo akuvomera popanda "koma". Pa milandu ya vakabu "koma" ankakhalapo pafupifupi nthawi zonse: ndikuvomera kuti ndinali pamsewu, koma ndimapita kumsika. Kuvomera kotero ndi kukana. Khoti limayenera kulemba kuti wakana.

Wopanda ndalama ya chindapusa ankalowa ndende. Wolipira ankatuluka ndi mbiri yoti anapezekapo wolakwa, imene ikanamuonjezera chilango akadzagwidwanso. Ndipo popeza palibe ankakana, palibe mlandu unkakwera kufika poti lamulolo lifunsidwe. Lamulo lofooka chotere linakhala zaka zoposa 80 chifukwa anthu amene linkawagwira analibe nthawi kapena ndalama zolitsutsira.

Zimene mbali ziwiri zinanena

Mbali ya a Gwanda inati gawoli likuphwanya maufulu angapo a m'mutu 4 wa malamulo aakulu: ulemu wa munthu ndi kusachitidwa nkhanza kapena zochotsa ulemu pa gawo 19, kusasalidwa pa gawo 20, kusalowereredwa pa za moyo wa munthu pa gawo 21, ndi kuyenda momasuka pa gawo 39. Inatinso mawu a gawoli ndi osamveka moti munthu sangadziwe chimene apewe kuti asalakwe. Mabungwe ena analowa ngati abwenzi a khoti, kutanthauza othandiza khoti ndi maganizo awo ngakhale mlandu si wawo, mwa iwo CHREAA, PASI (Paralegal Advisory Service Institute) ndi Legal Aid Bureau, bungwe la boma lopereka maloya kwa osauka. Kafukufuku amene CHREAA ndi Southern Africa Litigation Centre anatulutsa mu 2013 atayendera mabuku a m'mapolisi a ku Blantyre anali atasonyeza kale amene ankagwidwa ndi milandu yotereyi: osauka, mavenda, amayi oyendayenda, ana okhala m'misewu.

Boma linati gawoli ndi chida chopewera umbanda, ndipo apolisi ayenera kukhala ndi mphamvu yoletsa choipa chisanachitike. Mfundo imeneyi tisaipeputse. Anthu a ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Mbayani amene amaopa kuthyoleredwa nyumba amafunadi apolisi aziyenda usiku, ndipo ena mwa iwo atamva za chigamulochi anadandaula kuti akuba apatsidwa msewu. Kawirikawiri oberedwa ndi ogwidwa vakabu amakhala anthu amodzimodzi, a m'dera limodzi.

Chigamulo

Oweruza atatu onse anagwirizana kuti gawo 184(1)(c) likutsutsana ndi malamulo aakulu, choncho ndi lopanda mphamvu. Gawo 5 la malamulo aakulu ndi limene limapereka maziko amenewa: lamulo lililonse lotsutsana nawo siligwira ntchito pa mbali imene likutsutsanayo.

Mtima wa chigamulochi uli pa gawo 44, limene limafotokoza pamene boma lingachepetse ufulu wa munthu. Kuchepetsako kuyenera kukhala kolembedwa m'lamulo, koyenera, kovomerezeka pa miyezo ya maufulu ya maiko onse, komanso kofunikadi m'dziko la demokalase. Khoti linapeza kuti gawoli ndi lotambalala komanso losamveka, ndipo limapatsa wapolisi mphamvu yosankha yekha wogwidwa popanda malire. Linapezanso kuti ngakhale mawu ake sakutchula osauka, amene limawagwera ndi iwowo. Izi n'zoonekeratu. Wa galimoto amadutsa msewu womwewo nthawi yomweyo osafunsidwa. Woyenda pansi ndiye amakhala ndi cholinga choipa. Lamulo lili ngati ukonde wa maso aang'ono, umene umakola usipa wokha.

Pa za umbanda, boma silinabweretse umboni wosonyeza kuti kugwira anthu vakabu kumachepetsadi milandu. Kwa ine iyi ndi mfundo yofunika kuposa zonse pa ntchito yathu, chifukwa imayankha dandaulo la anthu a m'madera aja. Apolisi sanalandidwe mphamvu yogwira wakuba. Gawo 28 la malamulo a kazengedwe ka milandu limawalolabe kugwira munthu popanda chikalata ngati ali ndi chifukwa chomveka chomuganizira kuti wapalamula. Kuthyola nyumba, kuyesa kuba, kulowa pamalo a mwini ndi cholinga chopalamula, kupezeka usiku ndi zida zothyolera, yonseyi ndi milandu ndithu ndipo ilipobe. Chimene chinachoka ndi njira yachidule yogwirira munthu wopanda chomuganizira chenicheni, ndi kumusiya kuti adziyeretse yekha, pamene gawo 42 limati munthu ndi wosalakwa kufikira boma litasonyeza kulakwa kwake.

Zimene sizinagwe

Khoti linafunsidwa za kagawo kamodzi, ndipo linagamula za kagawo kamodzi. Pa nthawiyo gawo 184 linali ndi tizigawo tina. Ka (b) kankanena za munthu woganiziridwa kapena wodziwika kuti ndi wakuba, amene alibe njira yooneka yopezera chakudya ndipo sangathe kufotokoza bwino za iye mwini. Palinso gawo 180 la anthu osokoneza ndi ongokhala, ndi gawo 181 la khalidwe lotha kusokoneza mtendere. Amene amawerenga mabuku a m'mapolisi anaona kuti (c) atachoka, anzakewa anayamba kulembedwa kwambiri. Chipikisheni sichinasiye, nambala ya gawo ndiyo inasintha.

Umboni wake ndi mlandu wa ku Kasungu. Mu 2018, patangotha chaka chigamulo cha Gwanda chitaperekedwa, apolisi kumeneko anachita chipikisheni usiku m'malo omwera mowa n'kugwira gulu la anthu. Mwa iwo munali DJ wa pa bala ndi wogulitsa zakudya, anthu amene anali pantchito yawo. Anawaimba mlandu pansi pa 184(1)(b), ndipo anavomera monga mmene ena onse ankavomerera. Atatu mwa iwo anakadandaula ku Khoti Lalikulu, ndipo mu 2022 woweruza Ntaba, ku Zomba, anagamula kuti kusesa anthu mwachisawawa chotero n'kosemphana ndi malamulo aakulu, n'kulamula kuti boma liunikenso gawo 184 lonse. Woweruza yemweyo mu 2016 anali atafafaniza chigamulo cha amayi 19 a ku Dedza amene anawapeza olakwa pa mlandu wodya ndalama za uhule pansi pa gawo 146, ponena kuti gawolo linapangidwa kuteteza amayiwo kwa amene amawadyera masuku pamutu, osati kuwalanga iwo eni. Milandu itatuyi muziinyamula pamodzi.

Kunja kwa dziko nkhaniyi inayendanso. Mu 2017 bungwe la African Commission on Human and Peoples' Rights linakhazikitsa mfundo zolimbikitsa maiko kuchotsa timilandu ting'onoting'ono totere m'malamulo a zilango. Pa 4 Disembala 2020 khoti la maufulu la Africa, limene lili ku Arusha, poyankha pempho la Pan African Lawyers Union, linapereka maganizo ake kuti malamulo a vakabu ndi osemphana ndi pangano la Africa la maufulu a anthu, ndipo maiko ayenera kuwasintha kapena kuwachotsa. Maganizo otere samasula munthu m'chitokosi cha ku Limbe paokha, koma pokambirana ndi woimira boma amathandiza kusonyeza kuti zimene mukunena si zanu zokha.

Pa ntchito yathu

Ndikafika papolisi m'mawa wotsatira chipikisheni, choyamba ndimapempha mwaulemu kuona gawo limene lalembedwa pa munthu aliyense. Ngati palembedwa 184(1)(c), kapena pangolembedwa vakabu popanda kagawo, ndimapempha kuonana ndi mkulu wa pamalopo. Ndimanyamula tsamba la chigamulo losindikiza, chifukwa kukangana pakamwa ndi wapolisi pamaso pa anzake sikuthandiza wogwidwayo. Ndimati, "Bwana, gawo ili khoti linalichotsa mu 2017, onani apa, ngati pali mlandu wina pa bambowa tiuzeni, ngati palibe tipempha apite." Apolisi ambiri akuluakulu amadziwa zimenezi, ndipo safuna fayilo yoti ikabwezedwe kukhoti.

Ngati gawo ndi lina, funso limakhala lakuti munthu uyu, payekha, anachita chiyani. Gulu silipalamula mlandu wa 181. Payenera kukhala chimene uyu ananena kapena kuchita, pamalo akuti, pamaso pa wakuti. Pa 184(1)(b) funsani chimene chinamuchititsa kukhala woganiziridwa asanagwidwe, chifukwa kuganiziridwa kumene kwayamba atakwera kale galimoto ya polisi si kumene lamulo likunena. Wogulitsa chipisi amene ali ndi chiwaya chake ali ndi njira yooneka yopezera chakudya.

Kenako nthawi. Gawo 42 limati wogwidwa auzidwe chifukwa chake m'chinenero chimene akumva, auzidwe kuti ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo afike kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba la khoti ngati maolawo athera pa tsiku losagwira ntchito. Pamenepa m'pamene chipikisheni cha Lachisanu chimapwetekera, chifukwa munthu amagona mpaka Lolemba lamulo lisanaphwanyidwe poyera. Pa timilandu totere pemphani belo ya papolisi tsiku lomwelo. Belo ya papolisi ndi yaulere, ndipo abale auzeni zimenezi msanga asanayambe kusonkha ndalama.

Chovuta kwambiri ndi kucheza ndi wogwidwayo asanalowe m'khoti. Ife si maloya, ndipo sitimuuza munthu kuti akane kapena avomere. Timamufotokozera zimene mlanduwo ukutanthauza, zimene boma liyenera kusonyeza, kuti kuvomera kumasiya mbiri, kuti kukana sikutanthauza limandi nthawi zonse chifukwa angapemphe belo kukhoti, ndipo tikhoza kuthandiza kupeza abale omuimira ngati mboni za belo. Ndimamuuzanso kuti, "Achimwene, majisitireti akakufunsani, nenani zonse mmene zinalili, musadule." Mawu aja akuti ndinali panjira koma ndimapita kumsika akalowa m'kaundula wa khoti, ndiwo adzamuthandize mtsogolo.

Ena, atamva zonsezi, amasankhabe kuvomera. Ndimakana anzanga amene amawanyoza anthu oterewa kuti ndi amantha kapena osadziwa ufulu wawo. Mayi amene wasiya mwana woyamwa kwa woyandikana naye nyumba wawerengera bwino, ndipo mtengo wa kukana adzaulipira ndi iye, osati ife. A Gwanda anadikira pafupifupi zaka ziwiri kuti chigamulo chituluke, ali ndi loya ndi mabungwe pambuyo pawo. Si aliyense angathe, ndipo si chilungamo kuyembekezera kuti venda aliyense akhale Gwanda. Ntchito yathu ndi kuchepetsa mtengo wa kukanako, pofulumizitsa belo ndi kupeza abale, kuti kusankha kukhale kusankhadi.

Kwa amene avomera kale, khomo silinatsekeke. Khoti Lalikulu lili ndi mphamvu yoitanitsa fayilo ya khoti la majisitireti ndi kuiunikanso, malinga ndi gawo 360 la malamulo a kazengedwe ka milandu pamodzi ndi magawo 25 ndi 26 a lamulo la makhoti. Amayi a ku Dedza anamasuka kudzera njira imeneyi. Lembani nambala ya mlandu, tsiku, khoti, gawo limene linagwiritsidwa ntchito, chilango, ndi lisiti ya chindapusa ngati ilipo, n'kutumiza ku Legal Aid Bureau kapena kwa loya wa bungwe lanu. Ngati anthu anagwidwa pagulu, lembani onse pa pepala limodzi, ndi malo amene aliyense anagwidwira komanso chimene ankachita pa nthawiyo, chifukwa loya wokatsutsa chipikisheni adzayambira pa pepala limenelo.